A Gumersindo Ankamwetsa Miyala

Aliyense amene anakhalako ku Leyva zaka za m'mbuyomu adzakuuzani kuti a Gumersindo Pirazán ankathirira miyala. Osati maluwa, osati anyezi ngati anthu a mitu yabwino, koma miyala. M'mawa uliwonse ankatuluka m'nyumba atafunda ruana, chofunda chawo chaubweya, chipewa chopindika kumutu, keni yobiriwira m'manja, n'kuyamba kuzungulira tauni yonse kumwetsa nkhono zamwala. Kaya kuzizire, kaya mphepo ya mu Ogasiti iwombe mpaka kulanda anthu zipewa, keni ija inkayenda basi.

Nkhono zimenezi kwathu kuno si chinthu choti munthu n'kuchiyang'ana kawiri. Mlimi amazitukula ndi khasu n'kuziponya kumalire a munda akung'ung'udza. Makolo athu anazimata m'makoma, m'makhonde ndi m'masitepe, poti ndiyo miyala imene inali pafupi. Kusukulu tonse tinauzidwa kuti kalekale, kusanakhale munthu, mapiri athu oumawa anali pansi pa nyanja yamchere, ndipo nkhonozo zinkasambira m'menemo. Tinavomera, tinalemba mayeso, tinaiwala. A Gumersindo okha ndiwo anaitengera nkhaniyi pamtima ngati maliro a pachibale.

"Taganizani," ankatero kwa aliyense amene wachita tsoka kuima pafupi. "Nyanja inachoka osatsanzika, n'kuzisiya izi pamtunda, padzuwa. Inuyo atakusiyani choncho, ludzu simungalimve?"

"Koma ndi miyala, Don Gumersindo."

"Inunso mudzauma tsiku lina. Mudzafuna wokukumbukirani."

Ndipo sankazimwetsa madzi wamba ayi. Cholengedwa cha m'nyanja chimamwa madzi amchere, ankatero, kuchipatsa a pampopi n'kuchinyoza. Mchere umenewo unkachokera m'khitchini mwa akazi awo, mayi Obdulia, ndipo nkhani ino kwenikweni ndi ya mayiwa. Ife tinkaseka n'kumapita kwathu. Iwo ndi amene ankakhala nawo m'nyumba.

Mayi Obdulia anali ndi sitolo ya mphatso pafupi ndi bwalo lalikulu, kumene mabanja ochokera ku Bogotá amadzaza Loweruka ndi Lamlungu. Nkhono zenizeni lamulo sililola kugulitsa, choncho ankaumba zawo za pulasitala kuseri kwa nyumba. Ankagulitsanso nkhono za chokoleti, malaya a ana, zidole za thonje za chilombo cha mano ataliatali chija chimene mafupa ake anapezeka m'munda kunja kwa tauni, ndi mabuku a zithunzi ofotokozera ana za nyanja yakale. Ankadzuka kusanache, kuphika khofi, kusesa, kupukuta fumbi pa mabuku. Asanapume n'komwe, supuni ya madzi amchere a m'keni inkawafika pakamwa.

"Obdulia, sumercé, talawani," ankatero bambo, powaitana ndi mawu aulemu a kwathu kuno.

"Wakwana."

"Simunalawe bwino. Mwangonyowetsa milomo."

"Ndati wakwana, Gume. Bwezani mchere wanga pamene mwautenga."

Zoona zake n'zakuti mayi Obdulia sankadziwa kuti nyanja imamveka bwanji m'kamwa, chimodzimodzi amuna awo. Onse awiri anali asanaioneko. Mayi ankangoti wakwana kuti mchere utsaleko wothira mbatata za masana, ndipo bambo ankakhulupirira lilime la akazi awo kuposa ulaliki wa m'tchalitchi.

Pamenepa ndi pamene panali bala. Pa moyo wawo wonse mayi Obdulia ankafuna chinthu chimodzi chokha: kukaona nyanja yeniyeni, ya madzi, ali limodzi ndi amuna awo, mawondo asanawakanike. Tsiku lonse ankatsegulira ana a eni masamba obiriwira ngati thambo, kuwaonetsa mafunde ojambula, kenako n'kuyang'ana pazenera n'kuona phiri lotuwa ndi mbuzi. A Gumersindo pofunsira analonjeza kuti akakolola anyezi adzawatengera ku Santa Marta. Anyezi anakololedwa, anadyedwa, munda womwewo unagulitsidwa. Mwana wawo Yolima anabadwa, anakula, anakakhala namwino ku Tunja. Chaka chilichonse nkhani ikabuka, yankho linali lomwelo.

"Tikapita, izi azimwetsa ndani?"

"Zakhala osamwa chiyambire dziko. Sabata imodzi zifa?"

"Zinazolowera tsopano. Simungayambitse munthu khofi n'kumulanda. Ndiponso nyanja ya kumeneko ndi yadzulodzulo. Yathu ino ndiyo yaikulu kubadwa."

"Yathu ino ilibe madzi, Gume."

"Ndiye ndikuthiriranji?"

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayi Obdulia anadekha zaka zoposa makumi anayi, ndipo nkhono za amuna awo zinalibe ndi maso omwe.

Yaikulu pa zonse inali pa sitepe ya sitolo yawo, pamene munthu amaponda polowa, yotambalala ngati mbale ya alendo. Imeneyo ndiyo inkayamba kumwa, ndipo bambo ankaivulira chipewa n'kuifunsa kuti yadzuka bwanji, asanawafunse akazi awo. Mayi Obdulia anaitcha mkazi mnzanga. Munthu akafunsa kuti a Gumersindo ali kuti, ankayankha osadzutsa mutu kuti ali pakhomo, akucheza ndi mkazi mnzanga, ndipo alendo ena ankachita manyazi n'kugula kanthu mwamsanga kuti atuluke.

Tsono mchere ndi laimu wopaka makoma sizigwirizana, ndipo makoma a kuno amayenera kukhala oyera mbee. Paliponse pamene keni yadutsa, laimu ankatupa n'kumasendeka. Amene ankavutika kwambiri anali a Parmenio, ophika buledi pangodya, amene anaimira Yolima pa ubatizo, munthu wamkulu thupi wokonda ukhondo. Khoma lawo linali ndi nkhono zambiri kuposa onse.

"Kompadre!" ankakuwa atatulukira ufa uli m'mikono, poti ndi mmene bambo wa mwana ndi womuimira pa ubatizo amaitanirana kuno. "Khoma langa lachita zipere chifukwa cha inu!"

"Si lanu nokha, kompadre. Muli ena m'menemo, anafika inu musanabadwe."

"Ndiye azilipira lendi!"

"Inu ndi amene munamanga pa iwo. Muzithokoza kuti sakukuthamangitsani."

Mapeto ake anali omwewo nthawi zonse. Lolemba, sitolo ikakhala yopanda alendo, mayi Obdulia ankatenga ndowa ya laimu ndi bulashi n'kumayenda khomo ndi khomo kupaka makoma a anthu, kupepesa mlandu umene sanapalamule. Mawa lake keni inkadutsa pomwepo laimu asanaume.

Chaka cha chilala chachikulu, mipopi itayamba kutulutsa madzi masiku ena okha, tonse tinati tsopano asiya. Azimayi anawatsekera njira ndi ndowa zopanda kanthu, n'kuwafunsa ngati alibe manyazi kumwetsa mwala ana akusowa osamba. A Gumersindo anavula chipewa n'kulumbira kuti sadzatenga dontho la munthu wina. Anasunga mawu awo. Anangosiya kusamba, madzi awo osamba n'kumathira m'keni.

Patapita milungu ingapo mayi Obdulia anawaimika pakhomo la kuchipinda.

"Mukulimva fungo lanu?"

"Ndi fungo la chifundo, sumercé."

"Chifundo chimenecho chikagone pakhonde ndi mkazi mnzanga."

Anakagonadi pakhonde mpaka mvula inabwera, ndipo ankauza anthu kuti sanagonepo tulo tabwino chotero.

Pa malonda ndiye anali mdani weniweni. Tsiku lina bambo wina wa magalasi okwera mtengo anatola nkhono ya pulasitala n'kuionetsa ana ake.

"Mukuona? Iyi ili ndi zaka zosawerengeka. Eti mayi, ndi ya liti imeneyi?"

Mayi Obdulia sanali wabodza. Anali ndi kanenedwe kawo kaulemu, koti ndi chifanizo cha yeniyeni, chopangidwa ndi manja kuno komwe. Koma asanatsegule pakamwa, mawu a Gumersindo anachokera pangodya ya sitolo.

"Ndi ya Lachiwiri lapitali. Anaumba akazi angawa m'mbale yophikira keke. Mukainunkhiza mumva batala."

Bambo uja anaibweza pang'onopang'ono pa shelefu. Mayi Obdulia anangotseka maso n'kupuma mozama, monga ankachitira kangapo tsiku lililonse.

Maso atayamba kuwavuta, a Gumersindo anapeza thireyi ya nkhono zakuda pafupi ndi khomo, n'kudabwa kuti zimenezi anaziiwala bwanji masiku onsewa. Anazimwetsa mokwanira. Zinali za chokoleti, zoti zipite ku phwando la mwana wina masana omwewo. Mayi Obdulia sanakalipe. Anangowaikira chokoleti chamchere pa mbale m'mawa, masana ndi madzulo mpaka thireyi inatha, ndipo bambo anadya zonse osadandaula, akuti chilango chinali choyenera koma mchere unali wakwana.

Komabe panali chinthu chimene mayi ankachidziwa koma sanawauze, kuopa kuti angatupe mutu. Mwala wouma ndi mwala basi, mwana amauponda n'kudutsa. Koma madzi akaugwera unkada, mizere yake yozungulira n'kuonekera yonse bwinobwino, ndipo ana a alendo ankaima kukamwa yasa. Ankasiya ayisikilimu kusungunuka m'manja n'kumatsatira keni khoma ndi khoma, a Gumersindo akuwafotokozera zinthu zimene theka lake silinalembedwe m'buku lililonse. Ulendo unkathera pa sitepe ya sitolo, ana akufunsa mafunso oti makolo sangayankhe, ndipo makolo otopa ankagula buku kuti apeze mtendere. Mabuku ambiri a mayi Obdulia anagulitsidwa ndi keni yobiriwira.

Ngakhale zinali choncho, mayi ankafuna nyanja yawo. Ndiye anaganiza nzeru. Anapita ku myuziyamu kukapempha doctora Nidia, mtsikana wophunzira za mafupa akale, kuti adzawauze amuna awo chilungamo. Anaganiza kuti bambo akamva kuti akuwononga, asiya, ndipo akasiya palibenso chowaletsa ulendo.

Doctora anabwera, anamwa khofi, n'kufotokoza mwaulemu kuti mchere umalowa m'ming'alu ya mwala, ukauma umaudya pang'onopang'ono mpaka kuufumbutula. Ankanena zoona, ndipo tonse tikudziwa kuti ankanena zoona. A Gumersindo anamvetsera chipewa chili pabondo.

"Ndiye mukuti, doctora, mchere uzipha?"

"Zinafa kalekale, Don Gumersindo. Ndikuti uziwononga ukatsalira m'kati."

"Ukatsalira," anatero bambo akugwedeza mutu. "Zikomo, doctora. Maphunziro ndi abwino."

Mayi Obdulia usiku umenewo anatsitsa sutikesi pamwamba pa wadirobu n'kuipukuta. Mawa lake keni inatuluka m'mawa monga mwa masiku onse. Masana inatulukanso kachiwiri, ili ndi madzi opanda mchere, kukatsukuluza zonse zimene zinamwa m'mawa kuti mchere usatsalire. Kuyambira tsiku limenelo maulendo anakhala awiri.

"Ndinapita kukapempha kuti andichotsere mtolo," mayi anauza a Parmenio akugula buledi. "Andisenzetsa wina pamwamba."

Amene anatsala pang'ono kupambana anali Yolima. Anabwera kuchokera ku Tunja atakonza zonse, basi, malo ogona, tchuthi chake cha kuntchito, n'kuwauza bambo ake maso ndi maso kuti mawondo a mayi akutha, ndipo akapanda kupita chaka chino sadzapitanso. A Gumersindo anayang'ana akazi awo akutsika sitepe cham'mbali atagwira khoma. Anavomera, pokhapokha papezeke munthu wogwira keni.

Mayi Obdulia anakagwada kwa a Parmenio. A Parmenio anakana, anatukwana, kenako anavomera, poti anali munthu wa mtima wofewa ngati buledi wawo yemwe. Anaphunzitsidwa ntchito masiku angapo ngati mwana wa katekisimu. Yapafupi ndi tchalitchi imakonda kuthiridwa kuchokera pamwamba. Ya kuseri kwa msika ndi yamanyazi, osaiyankhula mokweza. Yapakhomo iziyamba ndiyo, ndipo chipewa chizivulidwa.

"Sindivulira mwala chipewa ine, kompadre."

"Mumavulira ameya. Ameya achita chiyani chimene iyi sinachite?"

Mayi anagula masandasi oyera ndi chipewa cha mlaza chotambalala. M'mawa wa ulendo anakwera basi atavala zonse ziwiri ngakhale kunkazizira, nkhope ikuwala ngati mkwatibwi. A Gumersindo anakhala pazenera atakumbatira sutikesi. Basi inanyamuka ikudumphadumpha pa miyala ya mumsewu, n'kukhota pangodya ya a Parmenio. Ndipo pomwepo, poyera, kompadre anali ataimirira ndi keni yobiriwira, akukhuthulira madzi onse nthawi imodzi pa nkhono imodzi yokha, kwinaku akuyasamula, chipewa chili pamutu.

"Imani! Adalaivala imani! Akuzimiza!"

"Bambo, khalani pansi!" anatero Yolima.

"Gume," anatero mayi Obdulia chapansipansi. "Ndakupemphani chinthu chimodzi chokha."

Koma munthu anali atatsika kale, sutikesi ili m'manja, akuthamanga ngati mnyamata. Dalaivala anayang'ana pagalasi. Yolima anagwira dzanja la mayi ake.

"Tiyeni tipite awiri, Mayi. Asiyeni ndi miyala yawo."

Mayi anavomera. Basi inatuluka m'tauni, inadutsa nyumba za pulasitiki zolimamo tomato, inayamba kukwera phiri. Mayi anatsegula chikwama kuti atenge mpango, n'kupezamo mapiritsi a mtima a amuna awo, ndi magalasi awo, ndi arepa, buledi wa chimanga wa kuno, amene anawakulungira padera poti sankakonda opsa kwambiri. Mapiritsiwo akanatha kuwatumiza ndi basi yobwerera, iwonso ankadziwa zimenezo. Koma anayang'ana mpando wopanda munthu pazenera, n'kuzindikira kuti si nyanja yokha imene ankafuna. Ankafuna kuona nkhope ya chitsiru chawo chikuiona. Anauza dalaivala kuti aime.

Anabwerera wapansi ndi masandasi atsopano, Yolima akulira ndi ukali pambuyo pawo. Anapeza a Gumersindo atagwada pa sitepe, akupepesa mkazi mnzawo uja.

"Aa, mwabwerako kale?" anatero bambo. "Inali bwanji nyanja?"

Mayi Obdulia sanawayankhule mpaka Khirisimasi. Ankaphika, ankachapa, ankawaikira mapiritsi pambali pa kapu, koma pakamwa anatseka. Mawu amodzi okha ndiwo ankatuluka, m'mawa supuni ikafika: wakwana. Bambo ankauza anthu kuti ukwati wawo uli bwino kwambiri, sanakanganepo miyezi yonseyi.

Pambuyo pake ukalamba unagwira ntchito imene doctora ndi Yolima analephera. Ulendo wa masana unatha. Wa m'mawa unafupika, unasiya msika, unasiya tchalitchi, n'kutsala msewu wawo wokha. Kenako unasiya ngakhale khoma la a Parmenio, amene anayamba kuima pakhomo nthawi imene keni inkadutsa, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu woti waiwala chimene watulukira. Pomaliza panatsala sitepe ya pakhomo, ndi mpando umene mayi anawaikira pambali pake.

Tsiku lina atakhala pampandopo anawaitana.

"Obdulia, sumercé. Ndikapita, keni iyi..."

"Ayi."

"Simunamve n'komwe."

"Ndamva zaka makumi anayi. Ndinapaka makoma a tauni yonse chifukwa cha keni imeneyo. Ndinabwerera panjira chifukwa cha keni imeneyo. Mukapita, ndidzaikoleka pamsomali, ndipo sindidzaigwira ngakhale ndi chala."

"Yapakhomo yokha."

"Makamaka imeneyo."

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Anati mkazi wansanje ndi dalitso, ndiye kuti amakukonda.

Patapita milungu yochepa, m'mawa wina mayi ali kukhitchini anamva chitini cha mchere chikutsegulidwa, anamva supuni ikutakasa m'keni, anamva mapazi akukhwekhwereza kupita pakhomo. Anadikira supuni. Khofi anawira, anaphula, anathira m'makapu awiri. Supuni sinabwere. Atatuluka anawapeza pampando, chipewa chili pabondo, mutu utapendama, keni yodzaza ili pambali pa phazi. Anali atapereka moni kwa mkazi mnzawo, koma sanafike pomumwetsa.

Pamaliro amene analira kwambiri anali a Parmenio, mpaka anachita kuwagwira anthu awiri. Keni inakolekedwa pamsomali kuseri kwa chitseko, monga mayi ananenera.

Makoma anayera. Laimu wa chaka chimenecho anakhala mpaka chaka chinzake osasendeka, ndipo Lolemba mayi Obdulia ankakhala pansi, manja ali pamiyendo, osadziwa chochita nawo. Fumbi linakuta nkhono zonse mpaka zinafanana ndi khoma. Ana a alendo ankadutsa pa sitepe maso ali pa foni za makolo awo, n'kuponda mkazi mnzawo uja osadziwa kuti aponda kanthu. Chokoleti chinkayendabe malonda, koma mabuku anayamba kufwifwa pa shelefu. M'mawa munkangomveka matsache. Tonse amene tinkadandaula za zipere za m'makoma tinapeza mtendere umene tinkaufuna, ndipo unali wosakoma.

Chaka chitatha Yolima sanafunsenso maganizo a munthu. Anabwera, analongedza sutikesi, anapeza masandasi oyera aja pansi pa bedi atachita chikasu, n'kuwakweza mayi ake basi ngati katundu. Ulendo unali wautali, mawondo anatupa, ndipo pamene ankatsikira kuchigwa kutentha kunawavula juzi, kenako mpango.

Nyanja sinali ngati ya m'mabuku awo. Ya m'mabuku inali chete. Iyi inali ndi phokoso, inkanunkha nsomba ndi mafuta odzola, mawailesi akulira mbali zonse, ogulitsa akukuwa. Koma kutsogolo kwa zonsezo kunali madzi, madzi okhaokha mpaka kumene maso alekera, osaima, osatopa. Yolima anawagwira mkono n'kuwayendetsa pang'onopang'ono pamchenga mpaka funde linawazungulira akakolo. Mayi anaima nthawi yaitali. Kenako, mwachizolowezi cha zaka zonse zija, anawerama movutikira, anatapa madzi ndi dzanja n'kulawa.

Analavula nkhope itakwinyika.

"Mayo ine!"

Ndipo asanaganize anatembenukira kumanzere, mbali imene amuna awo ankayenda, dzanja lonyowa lili m'mwamba.

"Gume, talawa..."

Kumanzere kunali munthu wogulitsa magalasi a dzuwa. Mayi Obdulia anakhala pansi pomwepo m'madzi, diresi ndi chipewa cha mlaza zonse, n'kulira kulira kumene sanalire pamaliro. Anawasowa amuna awo, ndipo anawakwiyira, ndipo sanathe kusiyanitsa ziwirizi.

"Mayi, mukuliranji? Si iyi nyanja munkaifuna?"

"Mchere, mwana wanga. Ndi wambiri zedi. Zaka zonsezi bambo ako ankazimwetsa msuzi wa odwala, ine n'kumati wakwana, wakwana."

"Ndiye vuto lili pati? Ndi miyala, Mayi."

"Ndikudziwa kuti ndi miyala. Ndikuti ndiwauza bwanji?"

Tsiku lobwerera anagula chigubu chimene munali mafuta ophikira, anachitsuka, anachidzaza m'nyanja n'kuchimanga pakamwa ndi pulasitiki. Anakana kuti chiikidwe kunsi ndi katundu. Anachikumbatira pamiyendo njira yonse, mawondo otupa akulira pansi pake.

"Muli chiyani umu, mayi?" anafunsa kondakitala.

"Madzi."

"Kwanuko kulibe madzi?"

"Awa kulibe. Anachoka kalekale."

M'mawa atafika, a Parmenio akutsegula mazenera anaona chitseko cha sitolo chikutseguka, mayi Obdulia n'kutuluka cham'mbali atagwira khoma, keni yobiriwira ili m'dzanja linalo, fumbi la chaka chonse likadali pa chogwirira.

"Komadre! Inunso? Matendawa ndi opatsirana?"

"Musade nkhawa, kompadre. Khoma lanu sindiligwira."

A Parmenio anaima akupukuta manja pa epuloni nthawi yaitali kuposa mmene manja amafunira kupukutidwa.

"Ngati angatsaleko," anatero, "pali kena pansi pa zenera langali. Kakang'ono. Ankakakonda."

Mayi anatembenukira ku sitepe yawo. Anaima pamwamba pa nkhono yaikulu ija, yotuwa, yokandika ndi nsapato za anthu. Chipewa analibe choti avule. Anapendeketsa keni, madzi a ku Santa Marta n'kutsika pang'onopang'ono, ndipo mwala unada, mizere yake n'kutuluka umodziumodzi kuchokera pakati mpaka kumphepete.

"Imwa, mkazi mnzanga," anatero. "Ndi yeniyeni imeneyi, uikumbukira. Iwe unakuliramo, ine ndakaiona dzana. Pa atatufe, amene sanaione ndi uja yekha."

Otsala anakathira pansi pa zenera la a Parmenio.

Chigubu chinatha sabata yomweyo. Makoma a ku Leyva akadali oyera, nkhono za kutchalitchi ndi za kumsika zikadali ndi fumbi, ndipo m'mawa m'misewu mulibe woti n'kukangana naye. Sitepe imodzi yokha ndi kachigamba ka khoma la ophika buledi ndizo zimapezeka zonyowa, ndipo doctora Nidia akamadutsa pamenepo amayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Mayi Obdulia ukawafunsa amati atopa, mawondo atha, ndipo keni ija aitaya mawa. Koma wa golosale akuti masiku ano amagula mchere wambiri kuposa kale, ngakhale akuphikira munthu mmodzi.